Tsiku limene ndinakhuthula wilibala ya ababa

Linali Loweruka la mu Disembala, ndipo m'mawa wake ine ndi ababa tinali m'tauni kulimbirana mabulangete.

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Tinkakhala ku Alexandra, m'chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya eni, pafupi ndi hositelo ya amuna. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Sandton. Ankagona komweko, n'kumabwera Lamlungu lokha. Ababa kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera ku Joni ali mnyamata kudzagwira ntchito ya mumgodi, mwala unawaphwanya mwendo wakumanzere, ndiye anatsalira konkuno akusoka nsapato pakhonde. Ankayenda ndi ndodo, pang'onopang'ono.

Koma akangomva kuti kwagwa selo, mitengo yatsika m'masitolo, mwendo uja unkachira! Khirisimasi ikayandikira masitolo ankamata mapepala ofiira pamagalasi, anthu n'kumaunjikana pakhomo kusanatsegulidwe. Tsiku limenelo chitseko chitangotseguka tinathamangira m'kati ngati mbuzi zoona madeya. Mayi wina anandiponda phazi. Wina anakoka bulangete limene ndinali nditagwira kale, ine n'kulikokanso mpaka anandisiyira. Ababa ankatchinga anthu ndi ndodo yawo. Tinatuluka thukuta lili kamukamu, titasenza mabulangete ndi mapoto.

Musaganize kuti tinkafunda mabulangete amenewo. Zonse zinali za kumudzi. Ababa ankati munthu wa ku Joni safika pamudzi chimanjamanja, amamuseka ndi ana omwe. Aliyense kumudziko anayenera kulandira kake. Ndiye chaka ndi chaka ankagula: makina osokera, wailesi, njinga yosachotsa mapepala, masuti, nsapato, mbale. Munalinso jekete la malume awo amene anamwalira ine ndisanabadwe.

Makatoni anafika kudenga, anatseka ndi zenera lomwe. Ine ndinkagona pakampata ka pakati pa makatoni ndi chitseko, miyendo nditapinda. Tinkadyera mbale zobenthuka, zatsopano zili m'katoni pamutu panga. Zinkandikwiyitsa, sindibisa. Disembala aliyense ababa ankati chaka chamawa tikupita. Chaka chamawacho chikafika ankakumbukira msuweni wina amene sanamugulire kanthu, ulendo n'kulephereka.

M'chipinda choyandikana ndi chathu munkakhala aBanda a ku Kasungu, mnzawo wa ababa wa kumgodi. Awiriwa ankapikisana. ABanda anagula firiji paselo pomwe chipinda chawo chinalibe magetsi. Ankasungamo malaya, ndipo Lamlungu lililonse ankaipukuta ndi kansalu.

Nkhondo inali itayamba kale miyezi ingapo m'mbuyomo, pakati pa amuna a muhositelo ndi anyamata a m'lokeshoni. Ife Amalawi sitinali mbali iliyonse, koma ofera m'misewu ambiri analinso opanda mbali. Tinazolowera kumvetsera kaye tisanatuluke panja.

Masana amenewo ndinali kuwiritsa tiyi. Ndinamva malikhweru, kenako phokoso la zitsulo zikumenyedwa pamodzi, mobwerezabwereza. Agalu onse anasiya kuuwa. Nditasuzumira kumsewu ndinaona utsi kumunsi, ndi mayi wina akuthamanga, mwana kumsana, nsapato imodzi m'manja. Eni nyumba athu anatseka chitseko n'kuthawa osatenga ngakhale kapu.

Nditabwerera ndinapeza ababa atatulutsa kale wilibala yawo yonyamulira malasha. Anali atakweza makina osokera, wailesi, ndi mabulangete a m'mawa aja pamwamba. Anati tikasiye izi kutchalitchi kumtunda, tibwerere tidzatenge zina. Ankalankhula modekha ngati tikusamuka mwamtendere.

Potuluka tinapeza aBanda atakhala pampando pakhomo pawo, firiji ili kumbuyo kwawo. Ndinawakuwira kuti tiyeni. Anandionetsa kiyi, n'kunena kuti adzikhomera m'kati mpaka zizizire.

Ndinkakankha wilibala, ababa akutsatira ndi ndodo. Inali yolemera moti mikono inkanjenjemera. Ndinkayenda pang'ono, kuima, kuwadikira. Anthu ankatipitirira mbali zonse. Nditacheuka ndinawaona amuna a muhositelo aja kumunsi kwa msewu, ali khamu, nsalu zofiira kumutu, mikondo ndi zikwanje zikung'anima padzuwa. Sankathamanga. Ankabwera ndithu.

Mfuti inalira. Mnyamata wina wothawa anawomba ndodo ya ababa, iwo n'kugwa pansi. Bondo la mwendo wolumala uja linang'ambika pathala. Anayesa kudzuka, osatheka. Anakhala pansi, n'kutola chipewa chawo, n'kuchivala.

"Pita ndi katunduyu, Enifa. Ine ndibwera pambuyo."

Sankaseleula ayi. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana makina aja, ndipo ndinapsa mtima kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Mantha ndinalibe nthawi imeneyo. Unali mkwiyo wokhawokha.

Ndinanyamula zigwiriro n'kuikhuthula wilibala chammbali. Makina anagwa pathala, gudumu lake n'kuthyoka. Wailesi inagubuduka. Mabulangete anagwera m'ngalande ya madzi oipa.

"Mayo ine!" anakuwa ababa, ngati pamaliro.

Anthu amene ankathawa imfa anaima. Bambo wina anatola wailesi n'kuipanira m'khwapa. Amayi awiri anagwira bulangete limodzi, uyu kukoka, uyo kukoka, mfuti zikulira kumbuyo kwawo. Ndinawaona ndi maso angawa, ndipo nkhope zawo zinali zomwe zija za m'sitolo m'mawa.

Kwathu mwana wamkazi amagwada popereka madzi kwa bambo ake. Sawagwira thupi chisawawa. Ine ndinawagwira m'khwapa, kuwakoka, kuwaponya m'wilibala ngati thumba la chimanga, miyendo ili lendelende kutsogolo. Ndodo ndinawaikira pamiyendo.

"Iwe mwana, ulibe mwambo! Nditsitse!"

"Mukandikalipira kutsogoloko, ababa. Gwiritsani."

Anali opepuka kuposa katundu wawo. Ndinathamanga.

Kumtunda anyamata a m'lokeshoni anali atatseka msewu ndi matayala oyaka. Anali ndi mabotolo a petulo m'manja, ena a msinkhu wanga, mmodzi ndinkaphunzira naye. Aliyense wonyamula katundu ankamuimitsa, kumasula mitolo, kumufunsa kuti wazitenga kuti. Banja lina linali litagwada pambali pa matiresi awo likulumbira kuti ndi awoawo. Mmodzi wa anyamatawo anandifunsa m'Chizulu kumene ndikupita. Ndinamuyankha m'Chizulu chomwecho kuti kwa amayi. Anasuzumira m'wilibala, n'kuona nkhalamba, ndodo ndi bondo la magazi. Anakankha tayala limodzi ndi phazi, ife n'kudutsa.

Kutchalitchi sitinaimeko. Pabwalo panali podzaza kale, ndipo anthu ankakangana za malo oika makabati.

Kuchokera ku Alexandra kupita ku Sandton ndi chitunda. Tinadutsa pakati pa mafakitale a ku Wynberg, onse otseka. Gudumu linkalira kwii, kwii. Zikhatho zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, zigwiriro n'kuyamba kuterera. Ndinang'amba m'munsi mwa siketi n'kukulunga m'manja. Ababa sanacheuke. Ndinkangoona kumbuyo kwa khosi lawo, ndi thukuta likutsikira m'kolala.

Pamlatho wodutsa pamwamba pa msewu waukulu ndinapuma. Pansi pathu galimoto zinkayenda monga mwa masiku onse. Ina inali itamangirira njinga ya mwana padenga, ili ndi riboni. Kumbuyo kwathu utsi unali utakwera m'malo atatu.

Ku Sandton masitolo anali asanatseke. Nyimbo za Khirisimasi zinkamveka mpaka panja. Anthu ankakankha matilole a m'sitolo odzaza mpaka pamwamba, nane ndinkakankha yanga pakati pawo. Kamwana kena kanatiloza, mayi ake n'kukakoka dzanja. Mlonda wa pageti la masitolowo anatsegula pakamwa kuti atithamangitse, koma ataona bondo lija anayang'ana kumbali. Ababa anatsitsa chipewa kuphimba nkhope. Ine manyazi ndinalibe ngakhale pang'ono. Ndinayenda mutu uli m'mwamba.

Amayi anatsegula kageti ka kuseri atavala epuloni, m'manja muli ufa wa makeke a azungu. Anayang'ana ine, anayang'ana ababa. Za katundu sanafunse. Anagwada pansi n'kuyamba kupinda buluku la ababa kuti aone bala.

Chipinda chawo chinali ndi bedi, mpando umodzi, ndi msomali wopachikapo zovala. Zenera linkatseguka. Ndinagona pansi nditatambasula miyendo yonse, koyamba chikulireni.

Patapita masiku tinamva kuti mzere wonse wa zipinda zathu unatenthedwa madzulo omwewo. ABanda anawapeza m'kati, chitseko chili chokhoma. Amalawi anasonkhana n'kuwaika konkuno ku Joni. Ku Kasungu kunangopita uthenga.

Ababa sanandilankhule sabata yonse. Ndikawapatsa tiyi ankalandira akuyang'ana kukhoma. Akafuna kanthu ankauza amayi, ine ndili pomwepo. Zinkandiwawa, koma sindinapepese, ndipo mpaka lero sindiona chopepesa. Inu obadwa pambuyo mumandiseka kuti m'nyumba mwanga muli mbee, kuti Disembala akafika ndimakhala pakhonde anzanga akuthamangira kumasitolo. Sekani. Ine ndimagula chimene ndichigwiritse ntchito mawa, basi.

Tsiku limene tinabwera kuchokera kumaliro a aBanda, ababa anakhala pabedi nthawi yaitali osavula jekete lobwereka. Kenako anandiitana ndi dzina. Ndinagwada patsogolo pawo. Anati ndionetse manja. Zikhatho zinali zisanapole, khungu likusendeka. Anazitembenuza uku ndi uku monga ankachitira ndi nsapato yobwera kudzasokedwa. Anapempha amayi mafuta, n'kundipaka okha, chala chimodzichimodzi. Sanandithokoze. Atamaliza anangoti, "Chaka chino tikupita."

Tinapitadi, mvula isanathe. Ababa anatsika basi ku Ntcheu ndi chikwama chimodzi ndi ndodo. Kuseka anawaseka ndithu. Ena ankanong'onezana kuti mtchona wabwera ndi mwendo umodzi ndi manja awiri. Msuweni wina anafunsa za jekete lake pamaso pa anthu. Ababa anamva zonsezo, n'kupempha khasu.

Anakhala zaka zambiri pambuyo pake. Analima, anasoka nsapato za mudzi wonse, ananyamula ana anga pamiyendo. Anamwalira ali nkhalamba, pamphasa, m'nyumba yawo, achemwali awo atawagwira dzanja. Manda awo ali pafupi ndi a mayi awo, ndipo tinawaika ndife.