Chimfine cha Monalisa

M'mawa uliwonse, akamaliza kuyala tomato ndi timapulasitiki ta makala patebulo lawo la pageti, ba Eneless Mwape ankagogoda pazenera langa kuti ndiwatumire foni, ndiko kuti ndiwaimbire. Maso awo sankaonanso manambala. Ine ndimachita lendi chipinda chimodzi papuloti yawo kuno ku Chawama, pamodzi ndi mwamuna wanga Moven ndi mwana wathu Jordan, ndiye ntchito imeneyo inagwera ine.

Ba Eneless anachokera ku Katete ali mtsikana. Anakwatiwa ndi ba Blackson, amene ankanyamula matumba kumafakitale mpaka chifuwa chachikulu chinawatenga. Ana atatu oyamba anabalalika. Wotsala anali Monalisa, ndipo anamuphunzitsa ndi tebulo lomwelo mpaka anamaliza giredi 12 n'kupeza ntchito yoyankha mafoni pakampani ina yogulitsa gasi wophikira.

Nambala yomwe ndinkatuma inali ya kampaniyo. Kumayamba kanyimbo, kenako mawu a Monalisa, poyamba m'Chingerezi, kenako m'Chinyanja: "Zikomo potitumira foni. Antchito athu onse ali otanganidwa. Chonde musadule foni, ndinu ofunika kwambiri kwa ife."

Iwo ankagwira foni ndi manja awiri. "Wauka bwanji, mwana wanga?" Mawu aja ankangopitiriza zawo. Iwo n'kugwedeza mutu. "Sangayankhe, ba bwana bali pafupi." Kanyimbo kakangoyambanso, ankandibwezera foni mwachangu. "Dula, dula, amake Jordan, tingamuyambitsile milandu ku nchito." Ndiye palibe tsiku limene tinadikirapo kuti munthu ayankhe.

Monalisa ankakhala ndi mnzake ku Mtendere, ndipo ankabwera Lamlungu lililonse. Itangotha Isitala analeka. Anatumiza uthenga kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi kuti foni yake anaiba m'minibasi ndiponso ntchito yachuluka. Chotsala kwa amayi ake chinali mawu a m'mawa aja basi.

Moven anandiuza kuti mawuwo ndi ojambula, ngati nyimbo. Tsiku lina ndinayesa kuwauza ba Eneless, ndikuyang'ana pansi, kuti mwina n'chifukwa chake amanena zomwezomwezo.

"Nanga ba ngwangwazi ku siteshoni sibakuwa 'Tauni, Tauni' zuba lonse?" anatero. "Nabo ni bojambula? Ni nchito yake iyo."

Ine pakamwa ndi polemera, makamaka kwa akuluakulu, ndiponso ndinaona kuti ndikakakamira ndiwalanda kanthu kamodzi kamene anali nako.

Koma panali china. Pakati pa "musadule foni" ndi "ndinu ofunika," Monalisa ankakoka mamina pang'ono, ndipo mawu ake ankatulukira m'mphuno. Ine ndinazimva kalekale. Ba Eneless anazimvanso, ndipo iwo ankawerenga miyezi.

"Chimfine cha bwanji ichi chosasila?" anandifunsa mu Julaye, atafunda zitenje ziwiri. "Chinayamba mvula ikali kugwa. Atate ake nabo banayamba so."

Kuyambira pamenepo analeka kukhulupirira aliyense. Anafunsa mayi wa kutchalitchi uja kawiri konse ngati Monalisa waonda. Atayankha kuti ayi, iwo anati anayankha msanga kwambiri. Ba Chipo, amene amagulitsa vitumbuwa tsidya la msewu, anawonjezera moto. "Aba ba mabizinesi ba masiku ano, mami, mubaziba? Mwana akamba vimozimozi monga bamumanga pakamwa, imwe muli phee?" Ngakhale ine anayamba kundiyang'ana m'mbali ndikamadina manambala.

"Iwe amake Jordan, uziba vinthu. Unibisa chani?"

"Palibe, amayi."

"Palibe wako uyo ali na mchila."

Lachiwiri lina anandibwezera foni monga mwa masiku onse kuti ndidule. Nthawi yomweyo ndinaona Jordan akukwawira kumbaula. Ndinaponya foni pazenera n'kuthamanga. Pobwerera, mwana ali m'manja, foni inali kulankhula mawu a mwamuna.

"Halo? Halo? Mufuna gasi ya makilo angati?"

Ba Eneless anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. Anandikodola kuti ndidule. Chala changa chinafika pabatani, koma sindinadine.

"Pepani ba bwana," ndinatero, "tifunako Monalisa Mwape."

"Monalisa? Uja anachoka mu Epulo. Tinachepetsa banchito."

Ba Eneless anandilanda foni. "Bodza! Nakamba naye manje manje apa!"

Mwamunayo anaseka. "Iyo ni rekodingi, mami. Tinamujambula kudala. Manje gasi mufuna olo simufuna?"

Ba Eneless anakhala pathumba la makala, osakutumula n'komwe. Ndinkadikira kuti andikalipire, koma anangoti, "Beleka mwana. Tiyende."

Aka kanali koyamba kuona tebulo lija litaphimbidwa masana. Anamanga mandimu asanu ndi jinja pakona ya chitenje. Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Mtendere. M'njira tinadutsa pachipatala. Pamenepo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ngati ali umu, uniuze manje."

Nyumba ya mnzake uja tinaipeza pofunsafunsa. Mayi wina amene ankachapa panja anatilozera kumsika, kumzere wa oluka tsitsi. Monalisa tinamupeza ataimirira kumbuyo kwa kasitomala, chipeso chili m'kamwa, zala zikuthamanga. Sanaonde. Masaya anali omwe aja. Atationa, chipeso chinagwa.

Ba Eneless sanapereke moni. Anamugwira pachipumi, pakhosi, n'kumutembenuza ngati nkhuku ya pamsika. Kenako anaika khutu pamsana pake.

"Pema." Monalisa anapuma. "Futi." Anapumanso. "Manje kamba kuti musadule foni."

"Amayi, pali banthu."

"Kamba!"

"Musadule foni," anatero motsitsa mawu. Mawu anatuluka oyera, opanda mamina. Azimayi oluka anaphulika ndi phwete, ndipo kasitomala uja, theka la mutu lili losaluka, anati, "Mami, ise sitidula foni pano, tidula chabe tsitsi."

Monalisa ndiye analira. Anati tsiku limene anamujambula, mu Febuluwale, anali ndi chimfine, ndipo bwana anati zilibe kanthu, nthawi palibe. Ntchito itatha anachita manyazi kubwera, poti amayi ake anali atauza tchalitchi chonse kuti mwana wawo ndiye pakamwa pa kampani. Ankafuna apeze kaye ntchito ina ya muofesi.

"Foni banakubela zoona?"

Monalisa anayang'ana pansi. Foniyo inali m'thumba la epuloni yake, ikuonekera.

Ba Eneless anamasula mandimu aja n'kumuika m'manja. "Gwila. Nakwela nayo mabasi awili."

Ndinkaganiza kuti zogogoda pazenera zatha. Koma m'mawa mwake anagogodanso, nthawi yomwe ija. Ndinatuma nambala ija ndili wodabwa. Ulendo uno sanapereke moni. Anamvetsera Chingerezi, anamvetsera Chinyanja, kukoka mamina kuja, kanyimbo, mpaka zonse zinabwereza kanayi. Munthu wina wofuna tomato anaima n'kutopa, n'kupita kwa ena. Iwo anali chiimire, nsidze zitakumana. Ndipo mwamuna uja atayankha, sanamulole n'komwe kufunsa za makilo.

"Ndine amake wa uyo mwamuimika pakhomo panu kuti azilandila balendo. Gasi sinifuna, ine nigulitsa makala. Mwana munamuchotsa nchito, manje mau ake mwasungila chani? Chimfine chija chinasila kudala, koma kwanu akali kudwala. Muchotseni mu foni yanu lelo, abwele kunyumba yense."