Sopo Wosakhwima

Chaka choyamba titasamukira kufupi ndi Mpamba kuchoka kwathu ku Thyolo, ndinalibe chochita. Amuna anga ankalawirira kukagoba mitengo ya labala, ine n'kutsala m'nyumba ya kampani yopanda munda. Ndinkasesa pabwalo kawiri, kupita kumsewu, kubwerera, kupitanso.

Kumsika ndinadziwana ndi mayi ena achitonga ogulitsa sopo wopanga okha. Chichewa chawo chinali chosakaniza, koma tinkamvana. Anandiuza kuti mafuta oyera a ng'ombe, aja ogulitsa nyama amaika pambali, ndi mafuta ofiira a mawese, aja ofinya ku zipatso za kanjedza, ali ndi chinthu chimodzi chimene chimawaumitsa kukazizira, ndipo chomwecho ndicho chimalimbitsa sopo. Anandiphunzitsa kusungunula mafutawo, kuwasefa pansalu, kuthira mankhwala owotcha otchedwa kositiki ndi kutakasa mpaka mkono kuwawa.

"Mukadula, mumusiye masabata anayi," anatero. "Asanakhwime amaluma."

Zidutswa zanga ndinaziyala pathabwa kuseri kwa chitseko. Tsiku lililonse ndinkazitembenuza, kuzinunkhiza, kuzikanda ndi chikhadabo. Sabata yachiwiri isanathe ndinalephera kupirira. Amuna anga atabwera manja ali utomoni wokhawokha, ndinawapatsa chidutswa chimodzi osawauza kuti sanakhwime.

Anasamba, n'kuyamikira thovu lake. M'mawa mwake manja anali atafiira, khungu likusupuka pakati pa zala pomwe panali kale ming'alu. Mpeni wogobera sankatha kuugwira. Anakhala pakhomo masiku atatu, kapitawo akutumiza mawu ofunsa.

Ndinawaululira amuna anga, koma sanandikalipire, ndipo zimenezo ndiye zinandisowetsa mtendere. Ndinalongedza sopo yense m'dengu kuti ndikamutaye mu Limphasa. Nditafika pamtsinje ndinaona anthu ali m'minda yawo ya mpunga kumunsi, madzi omwewo akulowa m'ngalande zawo. Ndinaima, kutula, kusenzanso, kenako n'kubwerera nalo dengu.

Amuna anga anali pakhonde, manja atawatambasula pamaondo.

"Amayi, bwezerani pathabwa paja," anatero. "Wolakwa si sopoyo."

Loweruka ndinapita kumsika kukawauza mayi aja. Ndinkayembekezera kunyozedwa. Iwo anangopinda mkono wa bulauzi n'kundionetsa chipsera choyera chautali ngati chala. Kenako anadandaula kuti phewa likuwavuta masiku ano, n'kundifunsa ngati ndingamabwere kwawo Lachitatu lililonse kudzawatakasira. Ndinapita Lolemba.