Wotiyankhulira wa ku Kraaifontein

Mukafunsa dona wa ku Camps Bay amene Che Nuhu amamusamalira maluwa, akuuzani kuti wantchito wake ndi munthu wabwino koma wouma pakamwa. Zaka zonsezi chimene wamva kwa iwo ndi moni wa m'mawa, "yes, madam", ndi mawu otsanzika. Tsiku lina mpaka anauza mlendo wake kuti bambowa ndi amanyazi. Nkhaniyi itafika ku Kraaifontein, kumene amakhala, Amalawi anzawo anaseka chogwira nthiti, chifukwa kumeneko kulibe ukwati, sadaka kapena mwambo wotsanzikana ndi wobwerera kumudzi umene umayamba Che Nuhu asanakhosomole.

Kwawo ndi ku Machinga, cha ku Ntaja. Ku Joni anabwera monga abwerera ena onse, pa basi, ndi kachikwama kamodzi ndi nambala ya foni ya msuweni. Ndi munthu wamfupi, wa ndevu zoyamba imvi, ndipo jekete ali nalo limodzi lokha lotuwa, limene mkazi wawo Aishah amati likanakhala ndi pakamwa likanatha kuyendetsa mwambo palokha. Si shehe, ndipo sukulu sanapite nayo patali.

Zoyankhulazi anaziyamba mosakonzekera. Panali sadaka ya mnzawo wina womanga nyumba, ndipo amene anapatsidwa mpata anamutamanda malemuyo mopyola muyeso. Ati sanakwiyepo, ati sanayankhepo munthu mwaukali, ati anali nkhosa. Kumbuyo anthu anayamba kutsinana, ndipo namfedwa anadzutsa mutu ngati wasochera mwambo, pakuti mwamuna wake ankadziwika ndi mtima wapachala mpaka ku siteshoni. Che Nuhu zinawapweteka. Anaimirira, n'kunena kuti malemuyo analidi wovuta, koma aliyense wongofika kumene kuchokera kumudzi ankagona pa matilesi ake, mwiniwake n'kugona pa makatoni. "Ine ndinagonapo," anatero. Apo m'pamene anthu analira, ndipo kuyambira tsiku limenelo akafuna woyankhula amagogoda pa mkhukhu, kanyumba ka malata ka Che Nuhu.

Ntchitoyi amaikonda, ndipo tisabise, amadzimva nayo pang'ono. Mwambo usanafike amapita kunyumba kwa eni ake, kumwa tiyi, kufunsa mayina ndi kuwabwereza mpaka akhale bwino palilime, chifukwa amati munthu ukamupotozera dzina pagulu, zonse zotsatira samvanso. Mawuwo amakawayeserera kuntchito, akudulira mpanda wa maluwa, dona atachoka. Mphepo ya ku Camps Bay ija yogwetsa zipewa ndiyo inawaphunzitsa kukweza mawu popanda kukalipa. Akaima pagulu amasankha nkhalamba yakhala kumapeto kwenikweni n'kumayankhula ngati akuuza iyoyo. Za nthawi yomalizira, woyang'anira ndi Aishah: akangokonza mpango wake kumutu, ndiye kuti mpunga wayamba kuzizira, ndipo Che Nuhu amatseka ngakhale mwambi uli pakati.

Koma chimene anthu amawadalira nacho si mawu okoma. Pagulu sanena chimene akudziwa kuti si choona, ndipo saulula za munthu mwiniwake asanalole. Ukayenda siya phazi, amatero, ukasiya mlomo ukutsata. Masiku ano mlomo umachita kutsogola, poti mwambo uliwonse pamakhala foni yolumikiza kumudzi, ndipo chimene wanena ku Kraaifontein chimafika ku Mangochi usanakhale pansi. Makolo kumudzi anafika pomanena kuti, "Ngati anena ndi Che Nuhu, ndiye n'zoona."

Ndiye kunabwera za Rafiq. Mnyamatayu ndi wa ku Mangochi, ndipo Che Nuhu amamutenga ngati mphwawo, poti naye anafikira pakhomo pawo. Ankakwatira Zakiyya, mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba ku Parklands. Lamlungu lina masana Rafiq anabwera ndi botolo la chakumwa chozizira, n'kukhala pa kireti, n'kuyamba kufunsa za nyengo. Che Nuhu anadziwa kuti pali nkhani, poti palibe amene amagula chakumwa kuti adzafunse za mphepo.

"Amalume, pali ka problem kakang'ono," anatero Rafiq pamapeto pake. "Pa ukwati paja, mukafika pa za ntchito, mungonena kuti ndine manijala."

"Manijala wa chiyani?"

"Wa restaurant. Ndi zimene akudziwa amayi."

Rafiq amatsuka mbale mu lesitilanti ina ku Camps Bay, ndipo aliyense ku Kraaifontein amadziwa zimenezo, ngakhalenso Zakiyya. Chinachitika n'choti chaka chake choyamba anajambulitsa atavala malaya oyera a mnzake, ataima pakhomo la lesitilantiyo nyanja ikuoneka kumbuyo, n'kutumiza kumudzi. Mayi ake, Abiti Khalidi, atafunsa ngati iye ndiye wamkulu wa pamalopo, pakamwa panangoti inde. Musamuweruze msanga. Ndani mwa ife sanatsamirepo galimoto ya eni ake pojambulitsa? Kungoti bodza la Rafiq linakula ndi zaka, mpaka mudzi wonse unkawatchula mayiwo kuti amake a manijala.

"Ndi one word basi, amalume. Palibe amene afe nalo."

Che Nuhu anayamba amwa kaye chakumwacho, poti chinali chitagulidwa kale. Kenaka anati, "Muholomo mudzakhala anthu amene amakwera nawe sitima m'mawa. Ndikadzati manijala adzatsinana, ndipo mkazi wako adzayang'ana pansi pa tsiku lake lomwe. Komanso mawa ndikadzauza kholo lina kuti mwana wanu ali bwino kuno, adzandikhulupirira ndani? Limenelo sindinena, mphwanga."

"Ndiye mundiyalutsa?"

"Ayi. Za mbale ndi zako, sindingazitulutse iwe usanalole. Koma uwaimbire amayi ako ukwati usanafike. Nkhani yotere kholo liyenera kuimva lili lokha, osati pamaso pa mudzi."

Rafiq anati sharp, aimba. Atachoka, Aishah, amene anamva zonse poti khoma la malata silisunga chinsinsi, anati bwanji osangodumpha pa za ntchitopo. Che Nuhu anapukusa mutu. Ndondomeko yawo pa ukwati imadziwika ndi mwana yemwe: dzina la mkwati, mudzi wake, mwana wa yani, mphwake wa yani, ntchito imene adzadyetsere banja, kenaka khalidwe lake. Akuchikazi amatchera khutu pa ntchitopo kuposa pena paliponse. Kudumphapo kukanamveka kwambiri kuposa kunena, ndipo kumudzi akanaganiza kuti mnyamatayo amachita zosatchulika.

Masiku otsatirawo mpanda wa dona unamva zambiri. Che Nuhu ankayamba chiganizo, n'kuchisiya, n'kuyamba china, lumo lili m'manja. Mtima unali pawiri, pakuti mnyamatayo ankamukonda, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Akakumana naye pa siteshoni n'kumufunsa ngati waimba, yankho linali la netiweki, kapena la mayunitsi, kapena loti amayi anali kumunda. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku linafika. Nikah, ukwati wa Chisilamu, inamangidwa kumzikiti m'mawa, ndipo masana anthu anadzaza kaholo kena kobwereka, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo, fungo la mpunga ndi nyama ya mbuzi likulowa pazenera. Patebulo la akwati anatsamiritsa foni ku botolo, ndipo mufonimo munali Abiti Khalidi atakhala pakhonde ku Mangochi, kumbuyo kwawo mitu ya anthu ili thithithi. Theka la mudzi linabwera kudzaona ukwati wa manijala.

Che Nuhu akukonza jekete panja, Rafiq anawapeza, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mphepo.

"Sindinaimbe, amalume. I tried, koma mawu amakana."

Che Nuhu sanamukalipire, poti kukalipira mkwati n'kuononga mpunga. Anati, "Tamvera. Ndikafika pamenepo ndikuyang'ana. Ukaweramitsa mutu ndidumpha, anthu aganize zimene angaganize. Ukandiyang'ana m'maso ndinena zoona, ndipo ndizinena bwino. Kusankha n'kwako."

Analowa, anakhosomola, holo inati zii. Anapereka salamu, n'kulonjera akuchikazi, akuchimuna, ndi a pafoni powatchula mayina mmodzimmodzi. Anaseketsa anthu ndi nkhani ya mmene Rafiq ankasocherera ku Parklands Lamlungu lililonse, kusochera kwake kokathera pa geti imodzimodzi. Anatchula mudzi wake ndi amalume ake. Kenaka anaima, n'kutembenukira kwa mkwati.

Mutu wa Rafiq unali pansi. Che Nuhu anadikira, ndipo anayamba kale kukonza mawu odumphira. Zakiyya anangosendeza dzanja lake lopakidwa hina n'kuligunditsa ku dzanja la mwamuna wake. Rafiq anadzutsa mutu.

"Za ntchito yake ndinena zimene ndaona ndi maso angawa," anatero Che Nuhu, akuyang'ana gogo wina kumapeto kwa holo. "Mnyamatayu amatsuka mbale mu lesitilanti ku Camps Bay. Amadzuka kusanache, sitima timakwera imodzi. Nyengo yozizira alendo akachepa, anzake amauzidwa kuti akapume kaye, koma iye sanauzidwepo. Ndi ntchito ya halali. Malata amene ali pa nyumba ya mayi ake anatuluka m'madzi a sopo amenewo, ndipo mwana wanu, inu akuchikazi, sadzagona ndi njala."

Muholo anthu anavomera chapansipansi, ena akugwedeza mitu. Koma maso onse anali pa foni, ndipo pa fonipo Abiti Khalidi anali chete, osaphethira, pakamwa pali potsegula pang'ono. Rafiq anagwira m'mphepete mwa tebulo. Panapita kanthawi anthu asanazindikire kuti si mayiwo amene auma, ndi netiweki.

Chithunzi chinagwedezeka, n'kubwerera.

"Che Nuhu, tabwerezani," anatero mayiwo mokweza, monga achitira onse oyankhula pa foni ya kutali. "Inadula pamene mumati za ntchito yake."

Wina kumbuyo anaseka n'kudzigwira pakamwa. Che Nuhu anakoka mpweya kuti ayambirenso, koma Rafiq anali ataimirira kale. Ananyamula foniyo ndi manja awiri, mmene amalandirira chinthu kwa wamkulu.

"Amayi, ndine. Si ine manijala. Ndimatsuka mbale. Kuyambira pamene ndinabwera kuno."

Ulendo uno netiweki sinadule. Mayiwo anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, ndipo mitu ya kumbuyo ija inasiya kusuntha.

"Iweyo Rafiq? Kutsuka mbale?" anatero. "Iwe amene kuno mbale yako unkaisiya pabwalo kuti nkhuku zikutsukire?"

Kuseka kunayambira ku Mangochi, n'kudzafika ku Kraaifontein mochedwerako pang'ono.

"Apongozi anga ali pomwepo? Mwamva, mayi? Asadzakunamizeni kuti sadziwa." Anadikira phokoso lithe, ndipo atayambanso mawu anali otsika. "Zaka zonsezi wasenza chimenechi wekha, mwanangu? Mvula ikamagwa kuno ine sindinyowa. Khala pansi, anthu adye."

Rafiq anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja mwake muja mosupuka ndi sopo, ndipo palibe amene anamuseka. Che Nuhu anali atakonza mwambi wabwino wotsekera, umene anauyeserera sabata yonse pa mpanda wa dona. Atayang'ana mbali ya amayi anaona Aishah akukonza mpango, maso ali onyowa. Mwambiwo anaumeza, n'kupempha shehe kuti apereke duwa, pemphero lotsekera.

Mpunga unali ukadali wotentha. Che Nuhu anadya mbale ziwiri, mtima uli m'malo, ndipo atamaliza Rafiq anabwera mwakachetechete n'kuwachotsera mbale yawo yekha, atavala suti ya ukwati yomweyo.