Mtedza wonyowa wa amalume

Mpaka lero ndikamva munthu akuyamikira mwana kuti ndi wofatsa, mtima umandinyamuka. Ndimafuna kumufunsa kuti kodi akudziwa chimene chinamufatsitsa mwanayo?

Mwana wanga wamkazi tinamulowetsa pa sukulu ina yapulaiveti ku Mchinji boma ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Sukuluyo imatsata maphunziro a kunja, aja oti mwana sangokopera zinthu za pa bolodi n'kuloweza, koma amafunsa yekha n'kukafufuza yankho. M'kalasi mwawo munali khoma lomatapo timapepala ta mafunso a ana. Ine ndinakondwa nazo kwambiri, chifukwa ndinakula ndikudziwa kuti funso la mwana kwa wamkulu ndi mwano. Mwanayo anazigwira ndi manja awiri. Pakhomo sitinkapuma. Chifukwa chiyani sopo amachita thovu, chifukwa chiyani minibasi ya ku Lilongwe sinyamuka isanadzaze. Bambo ake ankangoti, "Kafunse amayi ako, ndi amene anasankha sukuluyi."

Temu ina anali kuphunzira za kumene chakudya chimachokera. Aphunzitsi awo anawauza kuti aliyense akapeze mlimi, akaone mmene amagwirira ntchito, akamufunse mafunso. Ndinamutenga Loweruka kupita kwathu ku Mavwere, kwa achimwene anga, amene amalima mtedza wambiri. Tinawapeza atayala mtedza pa lona, akuuwaza madzi. Kumeneko ambiri amatero. Amati ukanyowa suvuta kuswa, koma tonse timadziwanso kuti wonyowa umalemera pa sikelo. Ndi zinthu zimene aliyense amaona koma palibe amene amatchula.

Masana kunabwera bambo wina wamalonda wa ku Kamwendo, atavala kachipewa kake koyera, ndi sikelo kumbuyo kwa njinga yamoto. Anali munthu amene wakhala akugula kwa achimwenewo zaka zambiri. Anapatsana moni bwinobwino, matumba anatulutsidwa. Pamenepo mwana wanga anafika ndi kope lake ndi pensulo, n'kugwada monga ndinamuphunzitsira.

"Amalume, n'chifukwa chiyani mumathira madzi mtedza musanagulitse? Amadamu anatiuza kuti mtedza ukanyowa umachita chuku, ndipo anthu akadya amadwala."

Wamalonda uja analowetsa dzanja m'thumba limodzi mpaka m'chigongono, anatulutsa mtedza, anauluma. Sanakalipe. Anangoti abweranso tsiku lina, n'kumanga sikelo yake. Achimwene anga anandiyang'ana ine, osati mwanayo.

"Achemwali, ndiye sukulu zanu za azungu zimenezi? Mwandibweretsera kazitape pakhomo?"

Ndinamumenya mbama mwana wanga. Ine ndemwe. Ine amene ndinamukweza minibasi m'mawa umenewo, amene ndinamusongolera pensulo. Kope linagwera pa fumbi. Sanalire mokweza, anangogwira tsaya n'kundiyang'ana modabwa, ngati akudikira kuti ndimufotokozere pamene walakwitsa. Ndipo sindikanatha kumufotokozera, chifukwa sanalakwe. Anagwada, anatchula amalume ake mwaulemu, ananena zoona.

Ndinakwiya masabata ambiri, ndipo mkwiyowo ndinaugawa kwa aliyense. Ndinakwiyira achimwene anga, munthu wamkulu wandevu zaimvi, amene anagwidwa akuchita chinyengo koma n'kukhala iwo odandaula. Ndinakwiyira alamu anga amene anafalitsa m'mudzi monse kuti mwana wa ku boma alibe mwambo. Ndinakwiyiranso sukulu. Ndinapita kukawauza amadamu aja kuti inu mumatuma ana kukafunsa akuluakulu ngati kuti ku Mavwere ndi ku Ulaya, simuwauza kuti kuno funso limatha kukubweretsera mbama. Anamvetsera mwachifundo, n'kundiuza kuti chimene mwana anachita ndi chimene iwo amafuna, ndipo ndizimunyadira. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ankanena zoona, ndipo iwo sanali pa lona paja pamene ndinkatambasula dzanja.

Ndinamupepesa mwana wanga. Ndinamukhazika pa miyendo n'kumuuza kuti amayi ake analakwa, kuti azifunsa chilichonse chimene akufuna. Anati, "Chabwino, amayi." Koma pakhomo panakhala bata limene sindinalifune. Kutha kwa temu amadamu anandiitana. Anati mwana akulemba bwino, akuwerenga bwino, koma sakwezanso mkono. Akamuloza amayankha mwachidule n'kuyang'ana pansi.

Pa Khirisimasi tinapitanso ku Mavwere, chifukwa abale sungawathawe mpaka kalekale. Mwanayo anawasambitsa m'manja amalume ake, anachotsa mbale, anakakhala pa mkeka pakona tsiku lonse osatulutsa mawu. Achimwene anga anamuyang'anitsitsa, akutokosa m'mano, kenako anagwedeza mutu mokhutira.

"Mwaona, achemwali? Mwanayu tsopano wayamba kukhala munthu."

Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, amene ndinawayeserera mumtima m'njira monse, kuyambira pa Kamwendo. Ndinatsegula pakamwa, mwana wanga akundiyang'ana kuchokera pakona paja. Ndinamva mawu anga akuti, "Zikomo, achimwene."