Injini Yatsopano m'Thupi la Nyafulu

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali Sitandade 6, tikukhala ku Chibavi, bambo akugwira ntchito ya ukalaliki m'tauni. Anali ndi galimoto yakale kuposa ine, yobiriwira, yokhota msana, yomwe anabwera nayo kuchokera kwathu ku Zomba. Anansi anaipatsa dzina loti Nyafulu chifukwa pachitunda inkayenda ngati kamba. M'mawa wa mwezi wa Juni, chifunga chitakuta Mzuzu yense, sinkalira popanda kukankhidwa, ndipo okankha tinali ine ndi amayi, matope ofiira akutithimbirira m'miyendo.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinapeza pabwalo pali galimoto ina, yasiliva, yamakono. Inali itagubuduzika pamsewu wa ku Chikangawa. Denga linali litaphwanyika, magalasi atasweka, koma injini inali bwinobwino. Sindinafunse zambiri. M'mawa mwake ndinauza anzanga, makamaka Tamara yemwe bambo ake ankamubweretsa pa galimoto yonyezimira, kuti kwathu tagula yatsopano, ikungodikira kukonzedwa pang'ono.

Koma bambo maganizo awo anali ena. Sankafuna thupi la yasilivayo, ankafuna zam'kati. Loweruka lililonse kunkabwera a Gondwe, makaniko wa ku Mchengautuwa, atanyamula thumba la masipanala. Anamangirira tcheni panthambi ya mtengo wathu wa mapeyala n'kuzula injini yakale ngati dzino. Yatsopano inakana kulowa. Anadula zitsulo, anawotcherera, anayesanso, mpaka inakhala. Kenako anasamutsa giyabokosi, mabuleki, mipando yofewa, ndi wailesi yomwe. Pakhomo ponse pankanunkha petulo ndi girisi, ndipo amayi anakangana ndi bambo atapeza mabawuti akunyikidwa m'mbale yawo ya alendo. A Gondwe ankangoseka, n'kumati agogo Nyafuluwa akhala okondwa chomene, awapatsa mtima wa namwali. Ine ndinkaona yasiliva ikusanduka chigoba chomwe nkhuku zinayamba kuikiramo mazira, koma kusukulu ndinkangowonjezera bodza pa bodza.

Patatha miyezi itatu, Lachisanu lina poweruka, ndinamva hutala pageti ya sukulu. Anali Nyafulu, wobiriwira yemweyo, msana womwewo. Bambo anatsika atavala ovololo yothimbirira ndi oilo, zikhadabo zili bii, akumwetulira mpaka mano onse kuoneka. Anali atapempha tchuthi kuntchito tsikulo kuti amalizitse, ndipo anathamangira kusukulu osasamba n'komwe, kufuna kuti woyamba kukwera ndikhale ine.

Tamara anandigwira paphewa. "Ndi adada ako awa? Nanga yasiliva ija ili kuti?"

"Ayi," ndinatero, "awa ndi amakaniko athu. Angotumidwa."

Bambo anali pafupi kwambiri moti sakanalephera kumva. Kumwetulira kuja sikunachoke nthawi imodzi, kunazilala pang'onopang'ono. Anapukutira manja pa ovololo, anazungulira galimoto, natsegula chitseko chakumbuyo.

"Lowani, dona," anatero mwaulemu.

Ndinalowa. Kale Nyafulu ankabangula moti polankhulana m'kati tinkachita kukuwa. Tsikulo injini inkangong'ung'udza chapansipansi, ndipo ndinkamva chilichonse: kupuma kwa bambo, madontho a mvula ya mawawa padenga, ngakhale kugunda kwa mtima wanga. Chitunda chomwe tinkachiopa tinachikwera ngati pansi pathyathyathya. Ndikudziwa kuti iwo anadikira miyezi itatu kuti andionetse zimenezo, koma sanatembenuke. Pampando wakutsogolo, pomwe ndinayenera kukhala, panali kapaketi ka mabisiketi. Kanafika kunyumba kosatsegula.

Titafika, bambo anauza amayi kuti galimoto yayenda bwino kwambiri, natenga sopo kupita kubafa. Sanandikalipire, sanauze munthu. Ndikanakonda akanathyola kanthambi n'kundikwapula, bwenzi nkhaniyo itathera pomwepo. Lolemba m'mawa galimoto inalira kamodzi kokha popanda wokankha, ndipo bambo anandifunsa modekha ngati ndikufuna kukwera kapena kuyenda pansi. Ndinakwera, kutsogolo, koma mawu opepesa sindinawanene. Ndinkati ndidzanena ndikakula. Anamwalira ndili ku koleji ndisananene.

Masiku ano Mzuzu wadzaza ndi magalimoto obwera kuchokera kunja, ndipo ndi ochepa omwe angathe miyezi itatu pansi pa mtengo kuukitsa yakale. Chodabwitsa n'chakuti magalimoto ngati ya bambo ija tsopano achinyamata amawasakasaka, amawabwereka pa ukwati n'kumajambulitsa nawo zithunzi. Ine ndimayendetsa kagalimoto kanga kotopa, kong'ambika mipando. Chaka chino mwana wanga wamwamuna wayamba kundipempha kuti ndizimutsitsira pakona, tisanafike pageti ya sukulu, akuti akufuna kuwongola miyendo. Ndimaima pakonapo, amatsika, ndipo ndimamuyang'anira chapatali mpaka atalowa.