Pikapu yonyezimira, matayala a dazi

Loweruka lapitali ndinakwera pikapu ya a Chikuse, mkulu wa mpingo wathu kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana. Timapita ku Indianapolis ku chinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo, ndipo nkhoswe ya kuchikazi anali iwowo. Galimoto imeneyi amaipukuta sabata iliyonse, moti mutha kudziyang'anira pachitseko n'kupesa tsitsi.

Tisanatuluke m'tauni, ndinaona katepi kakuda pa dashibodi.

"Bambo, apa mwamata chiyani?"

"Kanyali ka mpweya wa matayala. Kukangozizira kamayaka, kamandisowetsa mtendere. Ndidzachekitsa."

Mayi Chikuse, ali kumbuyo ndi ana awiri, anayankha osadzutsa mutu: "Kanayamba kuyaka masamba asanayoyoke."

Titaima kuti tithire mafuta, ndinaliona tayala lakumbuyo: lofooka, m'mbali mwake mosalala ngati dazi. Makina opopera anali pomwepo, ndiye ndinati tipope.

"Tachedwa kale, achimwene," anatero bambo Chikuse. "Galimoto zikuluzikuluzi sizimva zimenezo."

Inamva. Tili pakati pa ulendo, titasenza mipando ndi makatoni a zakumwa, tayala lija linaphulika. Galimoto inavina, ana anakuwa, tinakaima mphuno ili mu udzu. Mwamwayi palibe anavulala. Nanga sipeya? Nayonso inalibe mpweya.

Tinafika akuchimuna atatopa n'kudikira, mtsikana wathu atalira mpaka maso kutupa. A Chikuse anatenga maikolofoni: "Abale, Satana anafuna kutitchinga panjira, koma wachita manyazi."

Satana? Ndiye amene anamata tepi uja?

Musaseke a Chikuse okha. Ambiri a ife kuno tikagula pikapu timathamangira kujambulitsa kuti a ku Zomba aone kuti zatheka. Marimu a matayala onyezimira, zokuzira mawu zogwedeza mawindo. Koma kugwada pansi n'kuyeza mpweya, ayi, kumeneko n'kutsika ulemu. Chikomekome cha mkuyu!

Chonsecho nkhani yake njosavuta. Mpweya ukachepa, tayala limadyeka m'mbali n'kumatentha. Ukachuluka, limadyeka pakati. Mlingo woyenera unalembedwa pakhomo la dalaivala, pomwe mumadutsa tsiku lililonse. Ndipo tayala lopanda mizere likakumana ndi chipale cha ku Indiana, mabuleki amangokhala dzina.

Enafe timagwira ntchito m'zipatala, timakalipira odwala onyozera BP yawo. Tikaweruka, n'kukwera galimoto yoti ikutichenjeza, ife n'kuitseka pakamwa.

Mukufuna kudziika pachiswe nokha, zanu zimenezo. Koma ana mwawamangirira malamba kumbuyoko, anakulakwirani chiyani?