Nsomba imene anandibwezera m'madzi

Mawondo asanayambe kuvuta, chilimwe chilichonse ndinkachoka ku Evington kupita kukawedza kunyanja ya mchere ku Lincolnshire. Malisiti onse a maulendowo ndikadali nawo, ndipo mphepo ya kumeneko ndimayisowa. Bambo wina anali ndi boti lonyamula akatswiri okhaokha owedza, n'kumatilondolera kumene kuli nsomba.

Ulendo woyamba ndinatsimikizira mayi akunyumba kuti asagule ndiwo. Ndinakoladi nsomba yonona, yoti kwathu ikanakwanira banja lonse. Mwini boti anaiyeza, nati sinafike msinkhu wololedwa, n'kuiponyanso m'madzi ine ndikuona.

"Iii, ndiwo zangazo!" ndinakuwa m'Chichewa. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Madzulo mayi anatsegula nyemba za m'chitini, akuseka mpaka misozi.

"Bwerani mudzadye, akatswiri. Musamale minga."